Kuyala fulo ya matabwa pa mitanda ya I-joist: malangizo a pang'onopang'ono

Fulo ya matabwa ikamalira munthu akamayenda, kapena ikamanjenjemera mpaka makapu kumagundana m'kabati, anthu amathamangira kunena kuti mitanda inali yosalimba. Nthawi zambiri mlandu si wa mitanda ayi. Ndakhala ndikuitanidwa kukakonza mafulo otere, ndipo ndikakanganula siling'i n'kusuzumira kunsi ndimapeza zomwezomwezo: mtanda wongokhudza khoma ndi kansonga, misomali yophonya, chitsulo chokolekera chokhomedwa misomali inayi pomwe mabowo ake ndi khumi, kapena mtanda wochekedwa kuti paipi idutse.

I-joist ndi mtanda wopangidwa kufakitale. Ndi wowongoka, ndi wopepuka, ndipo umawoloka chipinda chachikulu chimene thabwa wamba silingathe. Koma uli ndi khalidwe lake. Umalimba ukaima chilili, ukakhala wathunthu, ndiponso ukamangiriridwa kwa anzake. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mtandawu ndi wofooka kuposa mmene maso akuuonera.

Tigwirizane mawu tisanayambe. Mukauyang'ana kumapeto, mtandawu umaoneka ngati chilembo I. Pamwamba ndi pansi pali timatabwa tokhuthala, ta LVL (timapepala ta mtengo tomatidwa pamodzi ndi guluu) kapena ta mtengo wosankhidwa bwino, timene opanga amati flange. Ine pano ndizingoti mutu ndi phazi. Pakati pali bolodi lopyapyala la OSB (tizipalapasa ta mtengo tofinyidwa pamodzi ndi guluu), la mamilimita pafupifupi 10, lotchedwa web. Katundu akautsikira, mutu umafinyika, phazi limakokeka, ndipo web ndiyo imagwira ziwirizo kuti zithandizane.

Zoti mukhale nazo

Zomangira:
- mitanda ya I-joist ya msinkhu umene pulani yanena, pamodzi ndi kabuku ka malangizo ka amene anaipanga
- rim board, thabwa lochokeranso kufakitale lotsekera kumapeto kwa mitanda, la msinkhu wofanana ndi mitandayo
- matabwa othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola, ogoneka pamwamba pa khoma, ndi DPC (pepala lotchinga chinyezi) yoyala pansi pake
- mabawuti a mamilimita 12
- zitsulo zokolekera mitanda, zija amati hanger, ndi misomali yake yaifupi yonenepa
- misomali ya mamilimita 65 ndi ya 75
- matabwa opyapyala a 19 ndi 89 omangira mitanda mongoyembekezera, ndi zidutswa za 38 ndi 89
- mabolodi a plywood kapena OSB okhala ndi lilime ndi ngalande m'mbali, osachepera mamilimita 18
- guluu wa fulo wa m'machubu

Zida: tepi yaitali, levulo, sikweya, chingwe cha choko, pensulo, hamala, sowo yamagetsi yozungulira, chobowolera ndi mano ake odula mabowo ozungulira, makwerero awiri, magalasi oteteza maso.

Kabuku kaja musakanyoze. Manambala amene ndikupatseni pano ndi amene amapezeka m'malangizo a opanga ambiri, koma pamene kabuku kanu kanena zosiyana, tsatirani kabukuko.

1. Tsimikizani msinkhu wa mtanda musanagule

Yesani mpata umene mtanda udzawoloke, kuchokera m'kati mwa khoma lina kufika m'kati mwa linzake. Kenako tsegulani tebulo la wopanga, muone msinkhu ndi katalikirana zimene zikuloledwa pa mpatawo. Ku America misinkhu yofala ndi mamilimita 241, 302, 356 ndi 406. Ku Ulaya mupeza 200, 240, 300, 360 ndi 400.

M'matebulomo muli L/360 ndi L/480. Tanthauzo lake ndi ili: mpata ukakhala wa mamilimita 4320, L/360 ikulola mtanda kugonja pakati ndi mamilimita 12, pomwe L/480 ikulola 9 okha. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa papepala, koma mapazi a munthu woyendapo amakumva. Ine ndimasankha L/480, ndipo mpata ukafika kumalire enieni a tebulo ndimakwera msinkhu umodzi. Fulo yongokwanira pa lamulo siigwa, koma imatha kusowetsa mtendere anthu okhalamo zaka zonse.

Chenjezo: tebulo la kampani ina siligwira ntchito pa mitanda ya kampani ina, ngakhale msinkhu ufanane. Ndipo ngati pafulopo padzakhala thanki ya madzi, bafa lalikulu, kapena khoma losenza denga, pitani kwa injiniya musanaitanitse katundu.

2. Landirani ndi kusunga bwino

Mitanda ikafika, yang'anani umodziumodzi. Wothyoka phazi, wong'ambika web, kapena woti web yasiyana ndi mutu, ubwerere. Yotsalayo muisunge chilili m'mitolo yake, pa mitengo yoisanjika yotalikirana mamita atatu, mamilimita 150 kuchoka padothi, mutaifunditsa koma mphepo ikudutsa. Ponyamulanso ikhale chilili. Mtanda wautali mukaunyamula chogona umapinda ngati nsungwi yaiwisi, ndipo pamene web inamatidwa ku flange pamatha kusweka osaonekera.

3. Konzani pamene mitanda idzakhale

Thabwa wamba likakhala pa khoma lokhota, kalipentala amalisema pang'ono kunsi kuti lilingane ndi anzake. I-joist simungaiseme. Choncho kukhota kulikonse kwa khoma kudzaonekera pafulo, ndipo nthawi yokonza ndi ino.

Yalani DPC pamwamba pa khoma, gonekani thabwa lamankhwala lija, ndi kulimanga ndi mabawuti. Lamulo la zomangamanga la ku America, IRC, limati mabawuti asatalikirane kupitirira mamita 1.8, ndipo pakhale limodzi pasanathe mamilimita 300 kuchokera kumapeto kwa thabwa lililonse. Onani zimene lamulo la kwanu likunena. Yendetsani levulo mbali zonse. Pamene patsika, dzazani ndi matope a simenti pansi pa thabwa, osati ndi timakungwa kapena tizidutswa ta makatoni. Ine sindilola kusiyana kopitirira mamilimita 3 pa mamita atatu.

Kenako yesani ngati ngodya zili sikweya. Kokani tepi kuchokera pa ngodya ina kupita pa ngodya yoyang'anizana nayo mopingasa, muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Manambala awiriwo afanane. Ngati chipindacho si cha ngodya zinayi, gwiritsani ntchito 3, 4, 5: mamita atatu mbali ina, anayi mbali inayo, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo papezeke asanu ndendende.

Chenjezo: I-joist siyenera kukhudza konkire kapena njerwa, ndipo si ya panja pamene mvula imafika. Fulo ikakhala pamwamba pa dothi, siyani mpata wosachepera mamilimita 450 kuchokera padothi kufika ku phazi la mtanda, ndi mazenera a mphepo m'makoma. Misomali yolowa m'thabwa lamankhwala ikhale ya galavanaizi, chifukwa mankhwalawo amadya chitsulo wamba.

4. Lembani malo a mtanda uliwonse

Apa ndi pamene ambiri amasochera asanakhome msomali ndi umodzi womwe. Yambani mwayesa utali wa bolodi limene mudzayale pamwamba. Ngati ndi la mamilimita 2400, mitanda italikirane 400 kapena 600, kuchokera pakati pa mtanda kufika pakati pa unzake. Ngati ndi la 2440, katalikirana kake ndi 406, 488 kapena 610. Mukasakaniza, kuika mitanda pa 400 pomwe mabolodi ndi a 2440, bolodi loyamba lidzapitirira pakati pa mtanda ndi mamilimita 40, ndipo mudzakhala mukucheka bolodi lililonse mpaka fulo ithe.

Tepi muikole pamene padzakhale nkhope yakunja ya rim board. Popeza mzere umene mukulemba ndi wa m'mphepete mwa mtanda osati pakati pake, chotsani theka la kukula kwa phazi. Phazi likakhala la mamilimita 45, pa katalikirana ka 400, mzere woyamba ugwe pa 378, wachiwiri pa 778, wachitatu pa 1178, mpaka kumapeto. Lembani X kumbali imene mtanda udzakhale. Tepi isasunthe: mukamayesa kuchokera pa mzere wina kupita pa unzake, timamilimita timene mukuphonya timaunjikana. Makoma onse awiri muwalembe kuyambira mbali imodzi.

Musanapitirire, tengani pulani ya mapaipi muone pamene chimbudzi ndi bafa zidzatulutsire madzi. Paipi ikagwa pa mtanda penipeni, sunthani mtandawo pano. Malangizo a TJI, mtundu umodzi wa I-joist, amalola kuusuntha mpaka mamilimita 75, bola m'mphepete mwa bolodi mukhale pochirikizika ndipo mpata usapitirire umene bolodilo lingawoloke. Mphindi zisanu za pensulo pano zimapulumutsa mtanda ku sowo ya pulambala.

5. Dulani, imikani, khomani

Menyani mzere wa choko pa thabwa la pakhoma, kuchoka kunja ndi kukhuthala kwa rim board. Imikani rim board mbali imodzi potsata mzerewo, ndi kuikhomera ku thabwa la pansi ndi misomali yopendeka pa mamilimita 150 aliwonse.

Kudula I-joist kuli ndi kavuto kake. Web inalowa m'kati, ndiye sowo ikachoka pa phazi imagwera m'dzenje n'kukhota. Dulani kachidutswa ka bolodi kokwana pakati pa mutu ndi phazi, kokhuthala mofika pa nkhope ya flange, mukagoneke pa web kuti sowo iyende pathyathyathya. Mitanda ina imabwera ndi timabowo todinda kale todutsira mawaya. Mukamayesa yonse kuchokera mbali imodzi, timabowoto tidzayang'anizana ndipo wamagetsi sadzavutika.

Imikani mtanda pa X wake. Kumapeto ukhale pa thabwa mamilimita osachepera 45. Pamene ukudutsa pa khoma la pakati kapena pa bimu (mtanda waukulu wosenza mitanda ina), pokhala pake pasachepere mamilimita 89. Khomani misomali iwiri ya 65 kudzera m'phazi, umodzi mbali iyi ya web, wina mbali inayo, mamilimita 38 kapena kuposerapo kuchoka kumapeto. Mukayandikitsa kunsonga phazi limang'aluka, ndipo kuwonjezera misomali kumangokulitsa mng'aluwo. Kuchokera kunja kwa rim board, lowetsani msomali umodzi m'mutu, wina m'phazi. Mukatha mitanda yonse, tsekani mbali inayo ndi rim board yake.

Chenjezo: musatseke ndi thabwa wamba. Limauma n'kufota, pomwe I-joist siifota chotero, ndiye katundu wa khoma la pamwamba amasiya thabwalo n'kutsikira pa web yopyapyala ija. Ngakhale misinkhu yake siigwirizana: thabwa limene ku America amati 2x10 ndi la mamilimita 235, pomwe I-joist yofanana nalo ndi ya 241.

6. Mangani mitanda musanapondepo

Gawo ili ndikupemphani muliwerenge kawiri.

Tsiku lina tinali titaimika mitanda yonse ya chipinda chachikulu, yokhomedwa bwino kumapeto konse. Poiyang'ana inkaoneka ngati fulo yatha, kungotsala mabolodi. Ine ndinatsika kukatenga guluu. Mnyamata amene ankatithandiza, pofuna kuti ntchito ifulumire, anakweza mabolodi angapo n'kuwaunjika pakati pa chipinda, iye n'kuimapo. Ndinangomva kulira ngati chitseko chakale. Nditakweza maso ndinaona mutu wa mtanda umodzi ukupendekera kumbali, phazi lili pomwepo, kenaka unzake, kenaka wachitatu. M'kuphethira kwa diso mnyamata uja anali pansi, mabolodi ali mbali yake. Anapulumuka ndi mikwingwirima yokha, koma thupi langa lonse linazizira. Sindinamuuze kuti asakwere, ndipo sindinamange mitandayo ndisanatsike. Inayi tinaitaya.

Mtanda wautali ndi wopyapyala chonchi suthyoka pakati ukalemedwa usanamangidwe. Umagudubuka. Mutu wake, umene ukufinyika, umathawira kumbali chifukwa palibe choutchinga. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ndiye chitani izi mutaima pa makwerero, osati pa mitanda. Khomani matabwa a 19 ndi 89 aja pamwamba, mopingasa mitanda yonse, misomali iwiri pa mtanda uliwonse. Mizere ya matabwawa isatalikirane kupitirira mamita 2.4, ndipo mitanda ina yaing'ono imafuna 1.8. Pamene thabwa lina lathera, linzake lipitirirane nalo pa mitanda iwiri. Pokhoma, kokerani mutu uliwonse pa muyeso wake ndi kuyang'ana ndi levulo kuti waima chilili. Usakhote kupitirira mamilimita 12.

Mfundo imene ambiri amaiwala ndi yakuti mizereyi iyenera kugwira chinthu chosasuntha. Mukangolumikiza mitanda yokhayokha, idzagudubuka yonse pamodzi. Mapeto a mzere uliwonse akhomedwe ku khoma lolimba lakumapeto, kapena muyambe mwayala ndi kukhoma mabolodi pa mamita 1.2 oyambirira, n'kumangirira mizereyo pamenepo. Ngakhale mwatero, mabolodi ndi katundu wina muziunjika pamwamba pa khoma kapena pa bimu pokha, osati pakati pa mpata.

7. Tsegulirani katundu njira yotsikira pansi

Imani pambali muyang'ane pulani ya chipinda cha pamwamba. Khoma lililonse losenza, mzati uliwonse, kulemera kwake kuyenera kutsika mpaka ku maziko. Funso n'lakuti, kukafika pa fulo kudzadutsa pati? Kukadutsa pa web, web idzakhwinyata. M'mbali mwa nyumba ntchitoyi ndi ya rim board. M'kati muli njira zitatu, ndipo anthu amazisokoneza.

Yoyamba ndi zidutswa za I-joist kapena za rim board zotsekera pakati pa mtanda ndi mtanda, pamwamba pa khoma la pakati. Zimaletsa mitanda kupendeka, komanso zimalandira katundu wa khoma limene lili pamwamba pake. Zidulidwe zokwana bwino. Chachifupi chimalira, chachitali chimakankha mtanda kuuchotsa pa mzere.

Yachiwiri ndi timizati tating'ono ta 38 ndi 89, timene amati squash block. Timaima chilili m'mbali mwa mtanda, pa thabwa la pakhoma, ndipo timadulidwa totalika kuposa mtandawo ndi mamilimita awiri. Timamilimita timeneti ndiye nkhani yonse: katundu wochokera pamwamba ayambe wafika pa kamzatiko asanakhudze mtanda. Kakafupika, kangokhala chokongoletsa. Pansi pa mzati wa pamwamba, ikani timizati tokwanira kukula kwa phazi la mzatiwo, ndipo muonetsetse kuti pansi pakenso pali chosenza mpaka ku maziko.

Yachitatu ndi timatabwa tolimbitsa web, tomata mbali zonse ziwiri za web ndi misomali yopyola n'kupindidwa kuseri. Sikuti timafunika paliponse ayi, pulani kapena kabuku ndi kamene kamanena. Pamene mtanda wakhala pa khoma, kathabwako katsamire phazi ndipo kumutu kutsale mpata wa mamilimita osachepera 3. Pamene katundu wolemera akutsikira pa mtanda pakati pa mpata, n'zotembenuza: katsamire mutu, mpata utsale kuphazi. Musakakhomerere mothinana uku ndi uku, chifukwa kamakanula mutu ndi phazi kuzichotsa ku web.

Nanga zopingasa za pakati pa mpata, zimene timazolowera pa matabwa wamba? Opanga ambiri sazilamula pa I-joist. Zimathandizako kunjenjemera, koma zikakhomedwa mwachisawawa ndi zomwezo zimadzalira. Siling'i yokhomedwa mwachindunji ku mapazi a mitanda imachepetsanso kunjenjemera kwa fulo.

8. Pa bowo la masitepe ndi zokolekera

Pamene masitepe akudutsa, mitanda ina imathera panjira n'kukolekedwa pa bimu yopingasa. Ine pamenepa ndimakonda LVL, chifukwa nkhope yake ndi yathyathyathya ndipo chokolekera chimakhala bwino. Mukagwiritsa ntchito ma I-joist awiri ophatikiza, dzazani mpata wa pakati pa ma web awo ndi thabwa, ndipo kuseri kwa chokolekera chilichonse muike kathabwa kodzaza dzenje la web kuti misomali ipeze pogwira.

Chokolekera chikhale cha kukula kwa phazi la mtanda wanu, ndipo chitalike mpaka kugwira mutu. Chikalephera kufika kumutu, mtandawo ufunika timatabwa tolimbitsa web. Dontheretsani guluu pang'ono pamene phazi likhale, kanikizani mtanda ufike pansi penipeni, ndipo pakati pa mapeto ake ndi bimu pasapitirire mamilimita 3. Bowo lililonse la msomali lilandire msomali wake, wa mtundu umene wopanga chitsulocho wanena. Musaikemo masikuluwu okhomera siling'i: ndi ouma, amaduka. Ndipo I-joist siipachikidwa m'mbali mwa bimu ndi misomali yopendeka yokha.

9. Yalani mabolodi

Mabolodi ndiwo amasandutsa mitanda yambiri kukhala chinthu chimodzi. Onani chidindo cha pa bolodi ngati likuloledwa pa katalikirana ka mitanda yanu. Menyani mzere wa choko mopingasa mitanda, kuchoka kunja kwa rim board ndi kukula kwa bolodi limodzi. Mzere woyamba utsate chokocho, osati m'mphepete mwa nyumba.

Utali wa bolodi ugone mopingasa mitanda. Sesani fumbi pa mitu ya mitanda, ndipo ikhale youma. Finyani guluu mzere umodzi wonenepa ngati pensulo pa mutu uliwonse, mizere iwiri pamene mabolodi awiri akumana. Thirani wa bolodi limodzi kapena awiri basi. Guluu akachita khungu bolodi lisanafike, sagwiranso, amangosanduka kamtunda pansi pa bolodi. Matabwa omangira aja muzichotsa pang'onopang'ono, pokhapo pamene bolodi likubwera.

Kumapeto kwa mabolodi siyani mpata wa mamilimita 3, kuti akamwa chinyezi apeze kofutukukira. Msomali wa 65 ukaimikidwa pakati umapereka mpata wotere. Polowetsa lilime m'ngalande, gonekani thabwa m'mphepete ndi kumenya thabwalo, osati bolodi. Mzere wachiwiri uyambe ndi theka la bolodi kuti molumikizira musayang'anizane. Misomali: mamilimita 150 aliwonse kumapeto kwa bolodi, 300 pa mitanda ya pakati, mamilimita 10 kuchoka m'mphepete. Malizani kukhoma bolodi lililonse guluu asanaume, mutaimapo kuti likhale pansi.

Tsiku likatha, lowani kunsi ndi tochi. Msomali uliwonse umene mukuuona ukunyezimira m'mbali mwa mtanda waphonya, ndipo mawa udzakhala ukukhuzana ndi thabwa n'kumalira. Ubwezeni m'mwamba, muuzule, mukhome wina. Mvula ikagwa denga lisanafike, sesani madzi, ndipo pamene akudikha boolani kabowo pakati pa mitanda kuti atsike.

10. Mabowo a mapaipi ndi mawaya

Lamulo loyamba lilibe koma: mutu ndi phazi sizichekedwa, sizisemedwa, sizibooledwa. Mabowo onse ndi a mu web.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti bowo lalikulu malo ake ndi chapakati pa mpata, osati pafupi ndi khoma. Pafupi ndi khoma ndi pamene web imagwira ntchito yaikulu, ndiye bowo likamakula liyeneranso kutalikira khoma. Mtunda wake weniweni uli m'tebulo la wopanga. Pakati pa bowo ndi flange patsale web ya mamilimita osachepera 3. Mabowo awiri oyandikana atalikirane kawiri kukula kwa lalikululo. Kabowo ka mamilimita 38 opanga ambiri amakalola pena paliponse mu web, kupatula pamwamba penipeni pa pokhala mtanda.

Dulani ndi mano a chobowolera kapena kasowo, osati kuswa ndi hamala. Hamala ndi ya timabowo todinda kale tija tokha. Bowo la ngodya zinayi limafooketsa kuposa lozungulira. Ngati simungalipewe, yambani mwaboola kabowo ka mamilimita 25 pa ngodya iliyonse, kenako mulumikize, kuti sowo isapitirire ngodya.

Mawaya ndi mapaipi zikatha, tsekani kunsi ndi siling'i ya gypsum. Web yopyapyala imapsa msanga kuposa thabwa lokhuthala, n'chifukwa chake IRC kuyambira mu 2012 imafuna kuti mafulo ambiri otere atetezedwe kunsi, ngakhale m'chipinda cha pansi chosagonamo anthu.

Zolakwika zimene ndimakumana nazo kawirikawiri

Fulo yolira malo amodzi: pafupifupi nthawi zonse ndi msomali wophonya, mtanda wosafika pansi pa chokolekera, kapena guluu amene anauma bolodi lisanagone. Wina ayende pamwamba, inu mumvetsere kunsi, mudzapapeza.

Fulo yotumphuka molumikizira mabolodi: anawathinanitsa osasiya mpata, kenaka ananyowa.

Fulo yotsika m'mbali mwa khoma la pamwamba: khomalo likusenza katundu koma pansi pake palibe timizati kapena zotsekera, kapena khoma la pamwamba silinayang'anizane ndi la pansi. Zimenezi si za kalipentala yekha, itanani injiniya.

Kugwiritsa ntchito mtanda umene unagwa pagalimoto n'kusweka phazi, poganiza kuti ukabisika pakati pa anzake sudzaoneka. Dulani mbali yabwinoyo ikhale zotsekera.

Ndipo chachikulu pa zonse ndi flange yochekedwa. Kawirikawiri mumaipeza pansi pa chimbudzi kapena bafa, pamene munthu wa mapaipi anapeza mtanda uli panjira yake n'kuusema. Nthawi zina ndi phazi lodulidwa theka kuti paipi ipeze kutsetsereka. Mukaziona, musakhomerepo kathabwa m'mbali n'kutseka siling'i. Misomali yambiri m'flange yovulala kale imangoing'amba. Chotsani katundu pamwamba, chirikizani mtandawo ndi mzati kuchokera pansi mbali zonse ziwiri za bala, ndipo jambulani chithunzi tepi ili pomwepo kuti kukula kwa balalo kuoneke. Lembani msinkhu ndi mtundu wa mtanda monga zadindidwa pa iwo, utali wa mpata, ndi mtunda kuchokera pa bala kufika pa khoma. Tumizani zimenezi kwa wopanga kapena kwa injiniya, akupatseni chojambula cha kakonzedwe kake. Nthawi zina yankho limakhala kuika mtanda wina wathunthu pambali pake, nthawi zina kuudula n'kuukoleka pa bimu yopingasa ngati mmene tinachitira pa masitepe. Mizati yochirikiza ija isachoke mpaka msomali womaliza wa pa chojambulacho utalowa.